Ndinagulitsa Dzina kwa Apongozi Anga

Abale ndi alongo a mapemphero athu a amalonda, wapampando wandipatsa nthawi yochepa, ndiye musaombe m'manja. Sungani manjawo, muwafuna pogwira pamtima. Ine ndine Lameki, dalali wa pamsika wa pa Boma pano. Ena ndinakugulitsani mbuzi, ena foni. Amene ndinakugulitsani zonse ziwiri ndikuthokoza kuti mukupempherabe. Ndaimirira chifukwa ndamva anyamata ena muno akunong'onezana zoyamba malonda ogula ndi kugulitsa mayina a pa intaneti. Khalani bwino pabenchipo. Zomwe ndinene sindithiramo mchere ngakhale wa pansonga ya chala.

Chaka chatha ndinaonda ndi mantha mpaka mthunzi wanga unandisiya n'kutsata munthu wina. Sindikukokomeza. Alipo amene anauona ukukwera minibasi ya ku Karonga.

Kwa akuluakulu amene simukuzidziwa: munthu akafuna kuika malonda ake pa intaneti, amafunika dzina loti ogula azilemba pafoni kuti amupeze, aja amathera ndi dothi komu. Dzinalo umakalilembetsa ku kampani yosunga mayina, ndipo ukatero palibenso wina padziko lapansi angalitenge. Makampani otero ndi ambiri. Ine ndimawatcha makola, chifukwa mutu wanga ndi wa mbuzi.

Lamulo langa la udalali linali limodzi: chogula m'mawa dzuwa lisachilowere chili m'manja mwanga. Nditamva kuti mayina amagulidwa motchipa n'kugulitsidwa modula, ndinati ayi, mbuzi yosadya, yosadwala, yosanunkha, ndaipeza. Dzina langa loyamba palibe analifuna. Linakhala m'khola mvula yonse. Kenako bambo wina wa ku Mzuzu analigula, ndinadina pafoni, linasamuka popanda vuto. Ndinadziona katswiri. Sindinadziwe kuti layenda bwino chifukwa linali litakalamba.

Tsiku lina mkazi wanga Wezi, akusenda mbatata, anandiitana potchula mwana wathu Lusungu monga timachitira kwathu kuno, anati, "Awiske Lusungu, mwamva? Gulu la amama la njuchi likuika uchi pa intaneti. Akonza ndi aphunzitsi a Dalitso a kusekondale, aja a ku Mulanje. Akuti Lolemba akalembetsa dzina." N'kutchula dzinalo.

Munthu wabwino akanati, "Mulungu awatsogolere." Ine ndinapita kuseri kwa bafa ndi foni n'kulilembetsa dzinalo ndekha.

Amama amene ankanenawo ndi apongozi anga, wapampando wa gulu la amayi oweta njuchi ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Dzina lawo simulimva pakamwa panga lero, mawa, kapena pa tsiku la chiweruzo. Kwathu mkweni, amene ena mumati mkamwini, satchula dzina la apongozi ake, sakhala nawo mphasa imodzi, akakumana nawo panjira amalowa m'tchire. Timangoti Anyina Wezi, ndiye kuti amayi ake a Wezi. Mayi amenewa njuchi zimawaopa. Amafula uchi opanda utsi. Amangoyang'ana mng'oma, njuchi n'kutuluka pamzere zitasenza katundu wawo. Ndinaona ndi maso angawa.

Lolemba aphunzitsi anapeza dzina latengedwa. Ine ndinatuma Wezi kukawauza amama kuti asadandaule, dzinalo ndinaligwira kalekale poopa kuti akuba a kunja angalitenge, angondibwezera thukuta langa. Thukuta langalo linali ndowa ya uchi. Ndowayo inabwera pa njinga yamoto pamodzi ndi mawu: "Mumuuze mkweni kuti ng'ombe yogula sigona m'khola la wogulitsa. Dzina lisamuke lipite kukhola kumene aphunzitsi amasunga mayina awo, tisanamate mapepala pamabotolo opita kuchionetsero."

Uchi ndinagulitsa tsiku lomwelo kwa wamalonda wina wa ku Tanzania. Nditamaliza ndinakhala pabenchi n'kudina posamutsira dzina. Foni inandiyankha ndi zilembo zofiira. Chingerezi changa ndi cha pamsika, koma izi ndinamva: dzina longolembetsa kumene silisamuka kupita ku kampani ina mpaka patatha miyezi iwiri.

Ndinadinanso. Ndinazimitsa foni n'kuyatsa. Ndinaipukuta ndi malaya. Ndinaiopseza. Zilembo zinali zomwezo.

Apa mpamene ndikanalankhula. Aphunzitsi a Dalitso amakhala kuseri kwa msika, tambala wawo ndimamumva ndili kwanga. Koma ndikanati dzina ndi latsopano, ndikanaulula kuti ndinalilembetsa Wezi atangotseka pakamwa. Ndiye akaimba foni sindinkayankha. Tikakumana ndinkati, "Netiweki, aphunzitsi," n'kupitirira ngati ndikukathira moto. Boma lathuli ndi laling'ono, abale. Kuthawa munthu kuno ndi ntchito yofuna mapapo. Ndinkapita kumsika kudzera kuchipatala, pobwera ndinkadzera kumanda.

Chionetsero chinafika. Mabotolo a uchi anapita ali maliseche. Kuchokera ku Chisenga sikunabwere mawu aliwonse, ndipo kukhala chete kwa mayi amenewa n'koopsa kuposa kukalipa kwa asilikali. Ndinayamba kumva njuchi m'khutu. Ntchentche ikalowa m'nyumba ndinkaipatsa moni, poganiza kuti mwina yatumidwa.

Miyezi iwiri ija itatsala pang'ono kutha, Wezi anandiimirira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Awiske Lusungu, amama sakudya nsima. Ndionetseni chinthu chimodzi chokha chosonyeza kuti dzinalo ndi lawo, ndikawauze."

Ndinati chimenecho n'chosavuta. Pafoni pali malo olemba mwini dzina. Panali dzina langa, ndinafufuta. Kenako chala chinauma. Ndilembe dzina la apongozi? Ineyo? Ndi chala chomwechi chimene ndimatokosera m'mano? Ndinalemba kuti Anyina Wezi. Pansi pake panali kabokosi kokhala ndi Chingerezi chambirimbiri, ndinakalumpha ngati chithaphwi. Wezi anawerenga, anamwetulira, anandiphikira nkhuku.

Tsiku lotsegula chipata litakwana ndinasamba, ndinavala malaya a tchalitchi, ndinadina. Zilembo zofiira. Miyezi ina iwiri.

Tsopano mvetserani mmene mantha amaganizira. Sindinaganize zoti ndi lamulo. Ndinati: ndakhudza dzina la apongozi, ngakhale lolemekeza lomwe, ndipo chipata chatsekeka nthawi yomweyo. Amva. Amanga. Munthu amene njuchi zimamuopa, intaneti ndi chiyani kwa iye?

Sabata yomweyo Wezi anaitanidwa kwawo, ati akathandize kusefa uchi. Anatenga mwana wathu Lusungu. Anatenganso makina ake osokera. Abale, munthu wopita kukasefa uchi satenga makina osokera. Mawu anabwera m'mbuyo mwake: "Wezi abwerera dzina likabwera."

Apa ndifulumire, chifukwa n'zonyansa. Ndinayamba chipumu, mowa wa kwathu kuno. Ndinkamwa kuti njuchi za m'khutu zigone, koma zinkangoledzera n'kumaimba mokweza. Pamsika ndinasiya kupita. Bedi ndinagulitsa, poti ndinkagona pansi pake kale. Kenako ndinathawira ku Wenya kwa msuweni wanga. Kumeneko njinga yamoto ikalira patali ndinkalowa m'nkhokwe. Tsiku lina masana galimoto ya apolisi inaima pakhomo. Ndinalumpha mpanda osaukhudza, ndinagwera m'khola la nkhumba, ndinagona pakati pawo n'kumalira ngati iwo kuti ndisadziwike. Nkhumba yaikazi inandilandira ngati mwana wake. Apolisiwo ankafuna nkhuku zogula. Ndikanama, Chiuta ali pano.

Pamalo pomwera mowa panali mdala wina amene ankati anagwirapo ntchito yosesa kukhoti, ndiye malamulo onse anawapuma ndi fumbi. Nditamufotokozera anaika chikho pansi.

"Mwalemba Anyina Wezi? Dzina losapezeka pa chitupa cha unzika? Mwana wanga, umenewo ndi mlandu wolemba munthu amene kulibe. Ndende yake amakutengera pa ndege."

Apa miyezi iwiri yachiwiri ija inalinso pafupi kutha. Koma mantha sadikira. Ndinaitana wakabaza wina wa ku Chisenga amene amawadziwa apongozi, ndinamupatsa foni, ndinati lemba dzina lawo lenileni. Ine ndinayang'ana khoma, zala m'makutu, ndikuimba nyimbo ya Sande sukulu kuti ngakhale kudina kwake ndisakumve. Anandibwezera foni nditatsinzina.

Chipata chinatsekekanso.

Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinati basi, banja langa latha. Lusungu adzakula akunena kuti bambo ake anali munthu wina amene anagulitsa mphepo kwa agogo.

Kenako kunabwera uthenga wa maliro. Amalume ake a Wezi anamwalira ku Chisenga. Mukudziwa nonse: mkweni angathawe mvula, angathawe apolisi, koma maliro a kwa mkazi wake sathawa. Ndinayenda wapansi, miyendo ikupita kutsogolo mtima ukubwerera ku Wenya. Manda ndinakumba mwakhama mpaka anzanga anati, "Mkweni, kwakwana, mutulukira ku Zambia." Sankadziwa kuti ndikukonza malo oti mwina nditsalemo.

Titaika maliro, dzuwa lili paliwombo, dzanja linandigwira paphewa. Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Aphunzitsi a Dalitso, atavala jekete lakuda.

"A Lameki, mwasowatu."

"Netiweki, aphunzitsi."

"Netiweki yomwe ija inakulumphitsani ngalande ya kuchipatala mutandiona? Tiyeni. Amama akukufunani."

Anandipititsa kuseri kwa nyumba. Panali mpanda wa bango. Mkati mwa mpandamo ndinamva mpando ukulira, ndinadziwa amene wakhalapo. Ine ndinanjuta kunja, msana kumpanda, maso pa nthochi. Wezi anaima chapatali atabereka Lusungu, osandiyang'ana. Aphunzitsi anaima pakhomo la mpanda ngati mtumiki wathu.

"Kwathu ku Mulanje mkamwini amadzilankhulira yekha," iwo anadandaula.

"Kuno n'kuno, aphunzitsi," anatero mawu a m'katimo. "Mufunseni mkweni ngati uchi wanga unali wokoma."

Ndinamva bwinobwino, bango silitseka mawu. Koma ndinadikira aphunzitsi abwereze.

"Akuti uchi unali wokoma?"

"Auzeni kuti sindinalawe."

"Akuti sanalawe, mama."

"Ndamva. Mufunseni katundu wanga ali kuti."

Ndinayang'ana nthochi ija, inandiyang'ananso. Ndinayang'ana Wezi, anali akukonza chipewa cha mwana. Pamenepo mpamene bodza linandilemera kuposa mantha. Ndinalankhula zonse kwa nthochi. Ndinati dzina sindinaligwire kalekale, ndinalilembetsa kuseri kwa bafa Wezi atangondiuza. Ndinati uchi ndinagulitsa, ndalama zake zinathera m'chikho. Ndinanena za zilembo zofiira, za Anyina Wezi, za wakabaza. Pomaliza ndinati:

"Aphunzitsi, auzeni kuti ndalakwa, ndapepesa. Andichitire lusungu, amasule chimene anamanga. Nthawi iliyonse ndikakhudza dzina lawo chipata chikutsekeka. Ndaona mphamvu zawo. Amasule basi."

Aphunzitsi sanabwereze. Njuchi za m'ming'oma ya kumunda zinasiya kulira, mphepo inaima kuseri kwa phiri kudikira.

"Aphunzitsi," mawu aja anatuluka pang'onopang'ono, "makutu anga akalamba. Mkweni akuti ine ndine mfiti ya intaneti?"

"Sananene choncho kwenikweni, mama..."

"Ine foni yanga ndi ya mabatani, ndipo batani la pakati linagwa. Ndimange katundu wanga yemwe, wogula ndi uchi wanga? Tengani chifoni chakecho muone chimene wachita."

Pakhomopo netiweki imapezeka pachulu chokha. Aphunzitsi anakwera ndi foni yanga, ine ndikutsata chokwawa. Anawerenga. Anawerenganso. Kenako analuma kolala ya jekete, chifukwa pamaliro saseka.

"A Lameki, palibe wakumangani. Mwadzitsekera nokha, katatu."

Anafotokoza mokweza kuti a m'kati mwa mpanda amve. Chipata choyamba, anatero, ndi cha dzina lililonse latsopano la mtundu umenewu: amaliletsa kusamuka miyezi iwiri kuti wakuba asalithawitse. Chachiwiri ndi chachitatu zinabwera chifukwa ndinasintha mwini wake. Mwini akasintha, kampani imatsekanso miyezi iwiri, kuti ngati wasinthayo ndi mbava, mwini weniweni apeze nthawi yokuwa. Kabokosi kamene ndinalumpha kaja kankandifunsa ngati ndikufuna kukana kutsekako.

"Ndiye si apongozi?"

"Ngakhale mukanalemba dzina la mphaka wanu, chikanatsekeka. Koma chopweteka si chimenecho. Dzina silifunika kusamuka kuti ligwire ntchito. Timangoliloza kumene kuli webusayiti, basi yayaka. Mabotolo akanapita kuchionetsero atavala. Komanso choletsedwa ndi kupita ku kampani ina. M'kampani yomweyi ndikhoza kuwatsegulira amama akaunti yawoyawo, dzina n'kulowamo lero, makiyi n'kukhala awo. Zonsezi ndikanakuuzani tsiku loyamba, mukanayankha foni."

Anazichita pomwepo, ataima pachulu, dzanja limodzi m'mwamba ngati akulumbira. Patapita kanthawi anandionetsa foni. Panali botolo la uchi, pamwamba pake dzina lija. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Abale a malemu anabwera kudzandithokoza chifukwa cha chikondi changa.

Tinabwerera kumpanda. Foni inalowa m'kati, inakhalamo nthawi ndithu.

"Aphunzitsi, apa pa mwini palembedwa dzina langa lenileni. Mufunseni analemba ndani."

"Wakabaza, mama. Iwo anali atayang'ana khoma, zala m'makutu."

Mpando unalira. "Hm. Ndiye ulemu ulipo. Zimene zinathawa ndi nzeru."

Ndinaona kuti kakhomo katseguka pang'ono. Ndinanong'oneza aphunzitsi kuti afunse za Wezi, poti katundu wafika.

"Ndamva," anatero apongozi asanafunsidwe. "Aphunzitsi, lamulo lanu lija mwati bwanji? Cholowa kumene m'khola sichisamuka mpaka liti?"

"Miyezi iwiri, mama."

"Ndipo wina akagwiragwira zosayenera?"

"Chipata chimatsekekanso, kuwerenga n'kuyambira poyamba."

"Lamulo labwino. Azungu nthawi zina amaganiza. Muuzeni mkweni kuti Wezi ndikumuwerenga kuti walowa m'khola muno lero. Miyezi iwiri. Iye azibwera kudzasenza ming'oma ndi kupalira kumunda wa gulu mpaka amayi anene kuti ndowa yawo yabwerera. Akangokhudza chikho cha chipumu, chipata chatsekeka, tiyambirenso."

Ndinatembenukira kwa aphunzitsi. "Aphunzitsi, afunseni ngati pali kabokosi kokanira."

"Kampani ino ilibe kabokosi," anayankha okha.

Apa mpamene Wezi anaseka, koyamba chichokereni kunyumba. Anabisa nkhope kuseri kwa chitenje, koma mapewa anamuulula.

Kubwerera kwanga kunayambira pamenepo, ndipo kunalibe zozizwitsa. Ndinachoka ku Wenya n'kubwerera pa Boma. Ndinapita kwa aphunzitsi masana, kudzera pamsewu waukulu, n'kupepesa. Ndinayambanso mbuzi, zomwe zimanunkha koma zimasamuka tsiku lomwelo. Loweruka lililonse ndinkapita ku Chisenga kukasenza ming'oma. Njuchi zinandiluma mpaka chipewa chinasiya kundikwana, ndipo mwana wanga yemwe anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Chipumu ndinasiya. Ndinene zoona, popeza ndili pamaso pa Mulungu ndi pa Wezi: kuwerenga tinayambiranso kamodzi. Kunali ukwati, ndinangonunkhiza chikho, koma nkhani inafika ku Chisenga ine ndisanafike kunyumba. Netiweki ya amayi a njuchi sifuna chulu.

Ndiye inu anyamata amene mukufuna malonda amenewa, sindikuletsani. Si tchimo. Koma musanalonjeze munthu tsiku, yang'anani kuti dzinalo linabadwa liti. Ngati ndi lakhanda, muuzeni wogula poyera kuti kukhola lina silipita mpaka miyezi iwiri. Akakhala pachangu, mutsegulireni akaunti m'kampani yomweyo mumupatse makiyi, kapena mungoliloza kumene akufuna. Ngati mukufuna kusamutsa ndiponso kusintha mwini, yambani kusamutsa, kusintha kubwere pambuyo. Ine ndinayamba ndi mchira. Makampani amasiyana, mayina enanso ali ndi malamulo awoawo, ndiye kabokosi kalikonse werengani. Chingerezi chikakukanikani, funsani munthu amene sanamwe. Ndipo foni ikalira, yankhani. Miyezi yonse ija ndinkathawa munthu yekhayo amene anali ndi yankho m'thumba.

Chomaliza: dzina limene m'bale wako walitchula akusenda mbatata si mbuzi yosochera. Lisiye.

Dzina lija linasamuka bwinobwino nthawi yake itakwana, popanda munthu kuligwiragwira. Tsiku limenelo foni yanga inali m'manja mwa aphunzitsi, manja anga anali pansi pa matako. Pano lili pamabotolo, mukhoza kukaliona. Wezi anabwera pambuyo pake, pa njinga yamoto, makina osokera ali pakati pa iye ndi woyendetsa. Ndi uyo wakhala kumbuyoko wavala duku lobiriwira. Mufunseni ngati ndanama. Akupukusa mutu chifukwa cha nkhani ya nkhumba ija, koma iye kunalibe.

Wapampando, ndikumva m'bale wina akufunsa kuti nanga mwini dzinalo dzina lawo lenileni ndani. M'bale wanga, kafunse wakabaza. Ine chipata changa changotseguka kumene.